Russia ndi China: Ndani Akuopseza Kwambiri Chitetezo cha Mayiko a Kumadzulo? Mafunso ndi Mayankho

Kuyambira pa 24 February 2022, tsiku limene asilikali a Russia analowa mu Ukraine ndi mphamvu zawo zonse, funso limodzi lakhala likubwerabwera m'nyumba za malamulo ndi m'maofesi a zachitetezo ku Washington, London, Berlin ndi Brussels: pakati pa Russia ndi China, ndi dziko liti limene mayiko a demokalase a Kumadzulo ayenera kuliopa kwambiri? Yankho lake ndi limene limalamula kumene ndalama za zida zipite, nyanja imene sitima zankhondo zikaime, ndi katundu amene aletsedwe kugulitsidwa kunja.

Kodi maboma a Kumadzulo amaona Russia ndi China ngati adani a mtundu umodzi?

Ayi, ndipo mawu amene amasankha m'zikalata zawo amaonetsa zimenezi poyera. Pamsonkhano wa ku Madrid mu June 2022, mgwirizano wa zachitetezo wa mayiko a ku Ulaya ndi North America wotchedwa NATO unalemba kuti Russia ndiyo chiopsezo chachikulu koposa komanso chachindunji pa chitetezo cha mayiko ake, pomwe China inangotchulidwa ngati dziko limene zolinga zake ndi njira zake zokakamizira ena zikutsutsana ndi zofuna za mgwirizanowo. Kameneka kanali koyamba kuti dzina la China lilowe m'chikalata chachikulu cha mfundo za NATO. Bungwe la mayiko a ku Ulaya la EU linali litanena kale mu March 2019 kuti China ndi zinthu zitatu panthawi imodzi: bwenzi logwira nalo ntchito, wopikisana naye pa malonda, komanso wolimbana naye pa nkhani ya momwe boma liyenera kuyendetsedwera. America, m'chikalata chake cha zachitetezo cha 2022, inati Russia ndi chiopsezo cha lero lomwe, koma China ndiyo yokhayo imene ili ndi cholinga pamodzi ndi mphamvu zosinthira dongosolo la dziko lonse lapansi.

Amene anafotokoza bwino kusiyanaku ndi Thomas Haldenwang, yemwe panthawiyo ankatsogolera nthambi ya ukazitape yoteteza m'kati mwa Germany. Mu October 2022 iye anauza aphungu kuti Russia ndi namondwe, koma China ndi kusintha kwa nyengo. Mlimi aliyense angamve tanthauzo lake: namondwe amagwetsa nyumba usiku umodzi ndipo aliyense amaona, pamene kusintha kwa nyengo kumabwera mwakachetechete mpaka mbewu imene makolo ankadalira itasiya kubereka.

Pa nkhondo ya mfuti ndi akasinja, woopsa kwambiri ndi ndani?

Apa pali zinthu ziwiri zimene siziyenera kusakanizidwa: kukhala ndi zida, ndi kukhala wokonzeka kuzigwiritsa ntchito. Pa kuchuluka kwa chuma cha nkhondo, China ili patsogolo. Bungwe la SIPRI la ku Stockholm, lofufuza za zida ndi mtendere, linawerengera kuti mu 2024 China inagwiritsa ntchito madola pafupifupi 314 biliyoni pa asilikali, Russia madola pafupifupi 149 biliyoni, ndipo America madola 997 biliyoni. Gulu la asilikali a pamadzi la China lili ndi sitima zoposa 370, kuposa dziko lina lililonse tikawerenga sitima imodziimodzi, ngakhale kuti za America n'zikuluzikulu. Komabe China inamenya nkhondo yaikulu komaliza mu 1979, pamene inalowa mu Vietnam.

Russia yaonetsa katatu m'zaka zosakwana 15 kuti imatha kudutsa malire a mnansi ndi akasinja: ku Georgia mu August 2008, ku Crimea mu 2014, ndi mu Ukraine yense mu 2022. Kuti munthu amve chimene mayiko a m'mbali mwa nyanja ya Baltic amaopa, ayang'ane tauni ya Narva ku Estonia. Pali mtsinje, mlatho umodzi wa galimoto, ndi malinga awiri akale oyang'anizana, lina ku Estonia, lina ku Ivangorod m'dziko la Russia. Anthu ambiri a ku Narva amalankhula Chirasha kunyumba, ndipo boma la Moscow lakhala likunena kuti lili ndi udindo woteteza olankhula Chirasha kulikonse kumene ali. Estonia ndi membala wa NATO, kutanthauza kuti asilikali ochepa chabe atawoloka mlatho umenewo, gawo lachisanu la pangano la mgwirizanowo, lonena kuti woputa mmodzi waputa onse, lingayesedwe pamaso pa dziko lonse. Gawo limeneli lagwiritsidwapo ntchito kamodzi kokha, America itaukiridwa pa 11 September 2001.

Mantha amenewa ndi amene anachititsa Finland, imene ili ndi malire a makilomita oposa 1,300 ndi Russia, kulowa mu NATO mu April 2023, ndipo Sweden inatsatira mu March 2024 itakhala zaka pafupifupi 200 yosalowerera m'migwirizano yankhondo. Mu June 2025 ku The Hague, mayiko a NATO anagwirizana kuti pofika 2035 aziika 5 peresenti ya chuma chawo pa chitetezo, pomwe mu 2014 ambiri ankakokakoka miyendo pa 2 peresenti yokha.

Nanga zida za nyukiliya?

Russia ili ndi mabomba a nyukiliya oposa 5,000, ofanana pafupifupi ndi a America, ndipo akuluakulu ake akhala akuwatchula mobwerezabwereza kuyambira 2022 pofuna kuopseza mayiko othandiza Ukraine. Mu February 2023 Vladimir Putin anaimitsa kutenga nawo mbali kwa dziko lake m'pangano la New START lochepetsa zidazi. China ili ndi mabomba pafupifupi 600 ndipo imati sidzayamba ndiyo kuwagwiritsa ntchito, koma chiwerengerocho chikukwera mofulumira, moti unduna wa zachitetezo ku America ukuyembekezera kuti chidzapitirira 1,000 pofika 2030.

Kodi Russia yachitapo chiyani m'kati mwa mayiko a NATO popanda kulengeza nkhondo?

Pa 4 March 2018, mu mzinda wa Salisbury ku England, Sergei Skripal ndi mwana wake wamkazi anapezeka atakomoka pa benchi pafupi ndi masitolo. Skripal anali kale msilikali wa nthambi ya ukazitape ya Russia yotchedwa GRU, koma ankaperekanso zinsinsi ku Britain. Apolisi anapeza kuti poizoni wa Novichok anapakidwa pa chogwirira cha chitseko cha nyumba yake. Awiriwo anachira. Patapita miyezi pafupifupi inayi, bambo wina wa m'deralo anatola botolo looneka ngati la perefyumu ndi kukapatsa mayi amene ankakondana naye. Mayiyo anadzithira m'manja, ndipo anamwalira mu July. Amuna awiri amene Britain inawaloza chala anaonekera pa wailesi yakanema ya ku Russia n'kunena kuti anangopita kukaona nsanja ya tchalitchi chachikulu cha mumzindawo. Mu 2021 boma la Czech Republic linanena kuti amuna omwewa anali kumbuyo kwa kuphulika kwa nkhokwe ya zida ku Vrbětice mu 2014, kumene anthu awiri anafa.

Salisbury sinali yoyamba, chifukwa Alexander Litvinenko, kazitape wakale wa Russia amene anathawira ku Britain, anaphedwa ndi poizoni wa polonium mu London mu 2006. Kuyambira 2022 zochitika zotere zachuluka ndipo zasintha maonekedwe: nyumba zosungiramo katundu kuotchedwa, phukusi kuyaka moto pamalo otumizira katundu wa pandege ku Leipzig mu July 2024, ndege zopanda woyendetsa kulowa mu mlengalenga wa Poland mu September 2025, ndi mawaya a pansi pa nyanja ya Baltic kuduka. Moscow imakana zonsezi, ndipo zina n'zovutadi kutsimikiza pamaso pa woweruza. Nangula wa sitima akadula waya wa magetsi, monga zinachitikira pakati pa Finland ndi Estonia pa 25 December 2024, woyendetsa sitimayo akhoza kunena kuti inali ngozi. Kuvuta kwa umboni n'kumene kumapangitsa njira imeneyi kukhala yotsika mtengo kwa woigwiritsa ntchito.

Kodi China imachitanso zofanana?

Imachita ukazitape waukulu, koma kawirikawiri sifuna phokoso. Anthu amene imawatsata kunja makamaka ndi ake omwe: otsutsa boma, anthu a mtundu wa Uyghur, a ku Tibet, ndi othawa ku Hong Kong. Mu April 2023 akuluakulu a ku America anamanga anthu awiri powaganizira kuti ankayendetsa ofesi ya chinsinsi ya apolisi a China mu Manhattan, pamwamba pa malo odyera. Mu July chaka chomwecho, apolisi a ku Hong Kong analonjeza madola a ku Hong Kong 1 miliyoni kwa wothandiza kugwira aliyense mwa anthu asanu ndi atatu otsutsa boma amene anali kunja, ena mwa iwo ali ku Britain. Kwa dziko la demokalase, vuto apa n'lakuti munthu amene lamupatsa malo obisala akupitirizabe kuopa kulankhula ali m'misewu yake.

Pa nkhondo ya makompyuta, kusiyana kwake n'kotani?

Russia imadziwika ndi kuswa, China ndi kutenga. Mu 2007 mabanki ndi maofesi a boma ku Estonia anatsekeka pa intaneti kwa masabata angapo, boma litasuntha chipilala cha msilikali wa Soviet mu Tallinn. Mu June 2017 pulogalamu yowononga ya NotPetya, imene America ndi Britain anati ndi ntchito ya GRU, inalowetsedwa kudzera mu pulogalamu yowerengera misonkho ya ku Ukraine, kenako inafalikira padziko lonse ndi kuwononga zinthu za madola pafupifupi 10 biliyoni. Kampani ya sitima zapamadzi ya Maersk inaona makompyuta ake akuzima limodzi ndi limodzi m'madoko, malole ataima mizere pa zipata. Chimene chinaipulumutsa chinali kompyuta imodzi ya ku ofesi yake ku Ghana, imene sinakhudzidwe chifukwa panthawiyo magetsi anali atazima kumeneko. Mwina aka n'kamodzi kokha m'mbiri pamene kuzima kwa magetsi kunayamikiridwa ndi kampani yaikulu chotere.

China, malinga ndi zimene America yakhala ikunena, inatenga mu 2015 zikalata za anthu 21.5 miliyoni kuchokera ku ofesi yoona za ogwira ntchito m'boma, kuphatikizapo mbiri ya anthu amene anapimidwa kuti azisunga zinsinsi. Britain inanena mu March 2024 kuti anthu ogwirizana ndi boma la China analowa m'makompyuta a bungwe lake loyendetsa chisankho, mmene munali mayina a ovota pafupifupi 40 miliyoni. Koma chimene chinasintha maganizo a ambiri ndi gulu lotchedwa Volt Typhoon, limene Microsoft inaliulula mu May 2023. Gululi linapezeka litabisala m'makompyuta oyendetsa madzi, magetsi ndi mauthenga, kuphatikizapo pa chilumba cha Guam pamene pali malo aakulu a asilikali a America. M'makompyuta a pampu ya madzi mulibe chinsinsi choti munthu abe. Akuluakulu a zachitetezo ku America anati cholinga chinali kukhaliratu m'kati, kudikira tsiku la nkhondo. Beijing imakana.

Ndani amalowerera kwambiri pa zisankho?

Mbiri yodziwika kwambiri ndi ya Russia. Pachisankho cha ku America cha 2016, bungwe la Internet Research Agency la ku St Petersburg, lothandizidwa ndi wamalonda Yevgeny Prigozhin, linatsegula masamba abodza onamizira kukhala a nzika za America, ndipo Facebook inavomera kuti zolemba zake zikhoza kukhala zitafika kwa anthu 126 miliyoni. Robert Mueller, wofufuza wapadera wa boma la America, anaimba mlandu anthu 13 a ku Russia pa nkhani imeneyi, ndi asilikali 12 a GRU pa kuba makalata a chipani cha Democratic, ngakhale kuti sanapeze umboni wokwanira wakuti gulu la Donald Trump linapangana ndi Moscow. Njira ya Russia ndiyo kupeza pamene anthu akukangana kale, monga pa nkhani ya khungu, ya alendo kapena ya chipembedzo, n'kuthirapo mafuta.

China imakonda kupita kwa munthu mmodzimmodzi: phungu, wothandizira phungu, mkulu wa yunivesite, wamalonda wopereka ndalama ku chipani. Kafukufuku wa boma la Canada wotsogozedwa ndi woweruza Marie-Josée Hogue, amene anatha mu January 2025, anapeza kuti China ndiyo inkalowerera kwambiri pa ndale za dzikolo, koma sinasinthe chipani chimene chinapambana zisankho za 2019 ndi 2021.

Chifukwa chiyani nkhani ya chuma imatchulidwa ngati ya chitetezo?

Pano ndi pamene pagona kusiyana kwakukulu. Chuma cha Russia chili pa madola pafupifupi 2 thiriliyoni pachaka, chofanana ndi cha Italy kapena Canada, ndipo chimadalira mafuta, gasi ndi miyala ya pansi. Mu 2021 mayiko a EU ankagula ku Russia gasi woposa 40 peresenti ya amene ankachokera kunja, ndipo Germany inkadalira Russia pa woposa theka. Moscow itatseka paipi ya gasi yopita ku Germany ya Nord Stream 1 kumapeto kwa August 2022, mitengo ya magetsi inakwera koopsa, mafakitale ena anachepetsa ntchito, ndipo maboma anataya ndalama zambiri pothandiza mabanja m'nyengo yozizira. Koma anapirira. Germany inamanga doko lolandirira gasi wa pasitima ku Wilhelmshaven m'miyezi yosakwana khumi, ndipo pofika 2024 gawo la Russia pa gasi wolowa mu EU linali litatsika kufika pansi pa 20 peresenti. Mayiko a Kumadzulo anatsekeranso chuma cha banki yaikulu ya Russia cha madola pafupifupi 300 biliyoni. Chida cha gasi chinaombedwa kamodzi, chinapweteka, ndipo mphamvu yake yambiri inathera pomwepo.

China ndi nkhani ina. Chuma chake chili pa madola oposa 18 thiriliyoni, imapanga pafupifupi 30 peresenti ya katundu yense wa m'mafakitale padziko lapansi, zipangizo zoposa 80 peresenti za magetsi a dzuwa, ndipo imayenga pafupifupi 90 peresenti ya miyala yosowa imene amapangira maginito a m'galimoto zamagetsi, m'makina a mphepo, m'mizinga ndi m'ndege zankhondo. Yaonetsanso kuti imatha kugwiritsa ntchito malonda ngati chikwapu. Nsomba za ku Norway zinavutika kulowa mu China, mphoto ya Nobel itaperekedwa ku Norway kwa Liu Xiaobo, wotsutsa boma la China, mu 2010. Australia itapempha mu 2020 kuti pafufuzidwe kumene COVID-19 inachokera, balere wake anaikidwa msonkho wa 80 peresenti ndipo vinyo msonkho wopitirira 200 peresenti. Lithuania italola ofesi yokhala ndi dzina la Taiwan kutsegulidwa mu Vilnius mu 2021, amalonda ake anapeza kuti dzina la dziko lawo lasowa m'makompyuta a kasitomu ku China, moti katundu sakanatha kulowa. Mu April 2025 Beijing itakhwimitsa malamulo otumizira miyala yosowa kunja, mafakitale ena a galimoto ku America, Ulaya ndi Japan anaimitsa kaye ntchito pasanathe miyezi itatu.

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mayiko a Kumadzulo akhoza kulanga Russia n'kupirira ululu wake, koma chilango chofanana pa China chingaswe mkhate wawo womwe, chifukwa makampani monga Volkswagen ndi Apple amadalira msika ndi mafakitale a kumeneko. N'chifukwa chake Ursula von der Leyen, mkulu wa komiti yoyendetsa EU, mu March 2023 analankhula zochepetsa kudalira China pa zinthu zofunika kwambiri m'malo modula ubale wonse. Zimenezi zikuchitika pang'onopang'ono: Britain inalamula mu 2020 kuti zipangizo za kampani ya ku China ya Huawei zichotsedwe mu netiweki ya 5G, koma inapereka mpaka 2027, ndipo kampani ya boma la China ya COSCO ikadali mwini wa gawo lalikulu la doko la Piraeus ku Greece.

Taiwan ili kutali ndi Ulaya. Ikukhudza bwanji mayiko a Kumadzulo?

Beijing imati Taiwan ndi chigawo chake, ndipo lamulo lake la 2005 limalola kugwiritsa ntchito mphamvu ngati chilumbacho chitalengeza ufulu wodzilamulira. Kampani ya TSMC ya kumeneko imapanga pafupifupi 90 peresenti ya tizipangizo tapamwamba kwambiri ta m'makompyuta ndi m'mafoni. Nkhondo kapena kutsekedwa kwa nyanja yozungulira Taiwan kungaimitse mafakitale kuyambira ku Detroit mpaka ku Stuttgart, ndipo kukhoza kukoka America kumenyana mwachindunji ndi dziko lina la nyukiliya. William Burns, ali mkulu wa CIA, nthambi ya ukazitape ya America, ananena kuti mtsogoleri wa China Xi Jinping analamula asilikali ake kuti akhale okonzeka pofika 2027, koma anaonjezera kuti kukonzeka sikutanthauza kuti chigamulo chapangidwa.

Kodi Russia ndi China ndi gulu limodzi?

Alibe pangano lotetezana ngati la NATO, ndipo anamenyanapo pamalire awo mu 1969. Koma pa 4 February 2022, kutatsala masiku 20 kuti nkhondo ya ku Ukraine iyambe, Putin ndi Xi analengeza ku Beijing kuti ubwenzi wawo ulibe malire. Malonda a pakati pawo anafika madola 240 biliyoni mu 2023. China imagula mafuta a Russia ndi kuigulitsa makina ndi tizipangizo timene timagwira ntchito m'mafakitale a zida, ndipo mu July 2024 NATO inanena poyera kuti China ndiyo ikuthandiza kwambiri Russia kupitiriza nkhondo. Pa ubale umenewu wamkulu ndi China, ndipo Moscow ikudziwa.

Moscow ndi Beijing amati chiyani? Kodi a Kumadzulo sakukokomeza?

Russia imati NATO inayandikira pakhomo pake, makamaka italonjeza ku Bucharest mu 2008 kuti Ukraine ndi Georgia adzakhala mamembala. China imaloza malo a asilikali a America ku Japan, South Korea ndi Philippines, pangano la zachitetezo la AUKUS la 2021 la pakati pa Australia, Britain ndi America, ndi bomba la NATO limene linagwera ofesi ya kazembe wake ku Belgrade mu 1999. Onse awiri amakumbutsa za nkhondo ya ku Iraq ya 2003 ndi zimene Edward Snowden, yemwe ankagwira ntchito ku nthambi ya ukazitape ya America, anaulula mu 2013, kuti America inkamvetsera ngakhale foni ya Angela Merkel, mtsogoleri wa Germany panthawiyo. Madandaulo ena mwa awa ali ndi maziko, ndipo makampani opanga zida amapinduladi mantha akakula. Komabe mayiko monga Poland ndi Estonia sanakokedwe kulowa mu NATO. Anagogoda okha, chifukwa ankakumbukira ulamuliro wa Moscow.

Ndiye woopsa kwambiri ndi uti?

Zimatengera pamene munthu waima. Wa ku Warsaw kapena Helsinki adzati Russia mosazengereza, wa ku Canberra adzati China, ndipo ku Washington ambiri a zipani zonse ziwiri amaika China patsogolo. Kuona kwathu n'kwakuti pa miyoyo ya anthu ndi malire a mayiko m'zaka khumi zino, Russia ndiyo yoopsa, chifukwa ikumenya kale nkhondo ndipo ili ndi zochepa zoti itaye. Pa funso lakuti ndani adzalemba malamulo a malonda ndi luso lamakono m'zaka makumi atatu zikubwerazi, Russia ilibe mphamvu zotero. China ili nazo. Chovuta kwa maboma n'chakuti mankhwala ake ndi osiyana. Russia imaletsedwa ndi zipolopolo, mizinga ndi asilikali pamalire, zinthu zogulika m'zaka zochepa, pamene kuchepetsa kudalira China kumafuna migodi, mafakitale oyengera ndi amisiri, ntchito yotenga nthawi yoposa imene boma limodzi losankhidwa limakhala pampando.

Kodi mkangano umenewu ukukhudza dera lathu?

Unafika kale. Pa 2 March 2022, mayiko 141 atavota ku United Nations kudzudzula Russia, Malawi ndi Zambia anavomereza, pamene Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa sanavotere mbali iliyonse. Mitengo ya feteleza, imene inali itakwera kale, inakweranso nkhondo itayamba, ndipo mu 2023 kampani ya ku Russia ya Uralchem inapereka matani 20,000 a feteleza ku Malawi ngati mphatso. Nkhani ya Taiwan nayo si yachilendo, chifukwa Malawi inasiya Taipei n'kupanga ubale ndi Beijing kumapeto kwa 2007, ndipo nyumba ya malamulo ya ku Lilongwe inamangidwa ndi China pambuyo pake. Miyala yosowa imene mayiko a Kumadzulo akufuna kupeza kunja kwa China ilipo ku Kangankunde m'boma la Balaka, kumene kukugwira ntchito kampani ya ku Australia, ndi pa phiri la Songwe ku Phalombe, limene EU inaliika mu June 2025 pa mndandanda wa ntchito za migodi zofunika kwambiri kwa iyo kunja kwa malire ake.